Kabaji ka Wojambula

Linali tsiku lachitatu chipinda cha ekisire chili chotseka. Odwala ankafika, kuwerenga pepala la pachitseko, n'kubwerera akung'ung'udza. M'katimo, mayi wochokera ku likulu, woyeza cheza choopsa chimene makina ojambulira amatulutsa, ankayendetsa kachipangizo kake m'makoma, pansi pa tebulo, kuseri kwa galasi.

Chinamubweretsa ndi kabaji. Aliyense wogwira ntchito m'chipindamo amavala pachifuwa kabaji kosunga kuchuluka kwa cheza chimene thupi lalandira, ndipo pakatha miyezi itatu timabajito timapita kukawerengedwa. Ta ena onse tinalibe vuto. Koma ka bambo wina wojambula kanaonetsa cheza choposa chimene munthu amaloledwa kulandira pa zaka zisanu.

Bamboyo anali pampando pakona, manja ali pakati pa mawondo. Zaka khumi ndi ziwiri pantchito, sanaitanidwepo ku ofesi.

Mayi uja anakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye.

"Bambo, ndisakunamizeni. Sikuti mudwala mawa, ayi. Koma mwa anthu zana olandira cheza chochuluka chonchi, mmodzi akhoza kudzadwala khansa m'tsogolo chifukwa cha chomwechi. Mwayi wanu ndi woti ndinu wamkulu. Akanakhala mwana, bwenzi ndikulankhula zina."

Bamboyo ananyambita milomo. 

"Chikundizunguza mutu ndi makinawa," anapitiriza mayiyo. "Ndawayeza katatu konse, ali bwinobwino. Komatu chezachi chili ndi podutsira. Ndilemba kuti awachotse, chipinda chitsekedwe mpaka abwere ena."

Anatulutsa fomu. Panja, nkhalamba ina inali kutsokomola, mwana wake akufunsa namwino kuti ndiye apite kuti. Cholembera chitangogunda pepala, wojambula uja anadzambatuka.

"Mayi, musalembe."

Anabwerera pampando n'kupitiriza.

"Ndimaopa kuchotsedwa ntchito, n'chifukwa chake ndinangokhala chete. Kabajiko kanandisowa sabata yoyamba yomwe. Miyezi yonseyi ndajambula anthu ndilibe kabaji pachifuwa. Ndinakapeza kutatsala tsiku limodzi kuti titumize."

Mayiyo anaika cholembera pansi pang'onopang'ono.

"Munakapeza kuti?"

"Kunyumba. Kanagwera kunsi kwa bedi la ana anga, pafupi ndi bokosi limene mlamu wanga wogula zitsulo zakale, ngakhale za makina akutha a m'zipatala, anatisungitsa."