Mphika Wachisanu

"Sara, maluwa angawa, maorikidiyawa, wawatani?"

Dona Benedita, bwana wa Sara, anali atangofika kwawo ku Cuamba atatha miyezi iwiri ku Nampula. M'miphika inayi masamba anali achikasu, ofota.

"Ndinawapeza pamakala ndi makungwa okhaokha, Dona," anayankha wantchitoyo. "Ndinawathirira dothi ndi ndowe, madzi osaphonya tsiku."

Dona anazula limodzi. Mizu inali itawola.

"Mphika wachisanu uli kuti? Ukanama, ntchito yatha lero."

Sara anakweza khanda lake kumsana. Mphikawo anali atauswa tsiku lina akusesa, duwalo n'kukalibisa pamphanda ya mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, osapitakonso. Anawatsogolera Dona komweko.

Mizu inali itakumbatira khungwa, maluwa awiri oyera atamasula.

Dona anayang'anitsitsa.

"Ili lokha ndiye walisamala bwino. Zimenezi unaphunzira kuti?"