Chikwama Chosatseguka

"Mwalemba kuti chikwama changa mwachikana chifukwa chikatsekedwa sichitsegukanso," anatero wosoka zikopa wina, akugogoda kalata patebulo. "Luso lake ndi limenelotu, bwana. Wopisa m'matumba akachiba, akalira yekha."

Anali atabwera kudzadandaula ku ofesi yopereka ziphaso za umwini wa zinthu zatsopano. Popanda chiphasocho, mlamu wake, yemwe ankachiponyera kale maso chikwamacho, akanayamba kusoka zofanana nacho.

Bwana wounika madandaulo anatulutsa chikwamacho mudilowa. Chinali ndi zipsera za sizasi, za pulayazi, ngakhalenso za mano a munthu. Pakati chinali chotupa.

"Ine ndinachipereka chotsegula, chopanda kanthu. Mwaikamo chiyani?"

Bwanayo anakatseka chitseko, n'kutsitsa mawu.

"Mnzanga amene ankachiyesa anafuna kuona kukula kwa m'kati mwake. Chimene chinali pafupi chinali chidindo chathu chovomerezera. Anachiponyamo n'kutseka. Kuyambira tsiku limenelo tatsala ndi chokanira chokha. Wa njinga yopinda tinamukana, wa msampha wa makoswe tinamukananso. Dandaulo lanu ndi lomveka, bambo. Titsegulireni basi."

Wosoka zikopa anachisisita chikwamacho ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Nanga nditapeza njira n'kuchitsegula, mulemba kuti chiyani?"

Bwanayo anakanda m'mutu.

"Tilemba kuti chimatseguka, monga zikwama zina zonse. Ndiye kuti si chatsopano."

Anatero akunyowetsa kale chidindo chokanira mu inki.