Mutu wa Dainosa

"Mano achepa awa," Troels anadziyankhulira, n'kuwonjezera awiri a shuga pakamwa pa dainosa womaliza. Timakeke tonse makumi awiri tinasanduka zilombo zakalekale zija, zobiriwira, zaminga kumsana. Anayamba kutikongoletsa m'mamawa, poti mwana wake Asger ankakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Chithere banja, mwanayo ankangomuona Loweruka limodzi pa masabata awiri.

Pakhomo pozikidwa timbendera, Vibeke, mkazi wake wakale, anasuzumira m'bokosi la timakeke limene Troels anabweretsa kuphwandoko.

"Madainosa? Iwe Troels, izi anasiya chaka chatha. Panopa mtima uli pa mpira. Ungoika pakona apo."

Patebulo panali patagona kale chikeke chooneka ngati munthu, chovala jezi. Amene anachiphika ndi Flemming, mwamuna watsopano wa Vibeke. Ana anachizungulira, kudikira kuti mwini tsiku adule khosi la munthuyo iwo akuwe, monga mwa mwambo wa kumeneko pa phwando la tsiku lobadwa la mwana.

Asger ananyamula mpeni, koma unkamulemera.

"Ababa, tandigwirani dzanja."

Troels anadzambatuka mpaka mpando kugwa. Koma mwanayo sankayang'ana iye. Flemming anawerama, n'kugwira kadzanjako, ndipo mutu unaduka. Ana anakuwa mpaka mawindo kunjenjemera.

Troels anadzutsa mpando uja pang'onopang'ono. Anapita pakona, n'kusankha kakeke ka mano ambiri kaja. Anakayang'ana kanthawi, kenako anakaluma mutu.

Palibe amene anakuwa.