Pamene Zala Zake Zinaima

Mwana wanga wa ku yunivesite tchuthi chino akuphunzira zofufuza khansa. Anati ndivule bulauzi ayeserere pa ine kapimidwe kamene anamuonetsa.

"Fulumira iwe, ndili ndi zochita," ndinatero. "Mawere unayamwa wekhawa, lero ukufunamo chiyani?"

Anaseka, zala zake zozizira zikuzungulira. Kenako zinaima pansi pa bere lakumanzere. Zinachoka, n'kubwereranso pomwepo. Kuseka kuja kunatha.

"Amayi, mawa tipite kuchipatala."

"Mwezi wamawa."

"Mawa, amayi."

"Chabwino, Lachisanu. Pamenepo sinditsikanso."

Inetu pokambirana palibe amandigonjetsa, pamsika amandidziwa. Koma mwanayo anagwada n'kuyamba kundimanga mabatani, n'kumaphonya mabowo.

"Mawalo, tinyamuke nthawi yanji?" ndinafunsa.