Mzere wa Matope pa Khoma la Neculai

Mayi Ursachi anaima nthawi yaitali akuyang'anitsitsa khoma la nyumba, mpaka Neculai Tudose anayamba kutuluka thukuta ngakhale kunja kunkazizira. Mayiwa anatumidwa ndi boma kudzayeza zimene mtsinje wa Siret unawononga utasefukira. M'manja anali ndi tepi yoyezera ndi buku, m'thumba la jekete munali kachitini ka penti wofiira.

Kumunda anali atamaliza kale. Anayeza kamalo ka mita imodzi mbali zonse, nawerenga mapesi ogwa ndi oima, nazula atatu kuti aone mizu. Kumeneko Neculai analibe chobisa, chimanga chinawoladi. Nkhani inali pakhoma. Madzi akaphwa amasiya mzere wa matope, ndipo oyeza amakhulupirira mzerewo kuposa pakamwa pa mwini nyumba. Ukakhala m'mwamba, thandizo limakweranso.

Kwa Neculai madzi analekeza m'mawondo, chifukwa nyumbayo inali pachitunda. Anaimanga ndi bambo ake, kuponda dothi ndi udzu wa tirigu ndi mapazi awo n'kuumba zidina chilimwe chathunthu. Ana ake onse anabadwira momwemo, ndipo anali atalumbira kuti adzatulukamo ali m'bokosi basi. Koma tsopano pansi panali patafufuma, ng'anjo yotenthetsera nyumba itang'aluka, nyengo yachisanu ili pakhomo. Madzi a m'mawondo boma limangokupatsa ndalama yogulira laimu.

Mlamu wake Toader, wa kumunsi kwa mudzi, madzi anamufikira pawindo. Oyeza anamulembera mtanda wofiira pachitseko n'kumuuza kuti ali m'gulu loyamba. Tsiku lomwelo ana ake anadzamutenga kupita naye kutauni, osatsanzika n'komwe. Neculai sanafune womumasulira. Munthu waumbombo ngati Toader akathamangira kutauni mwakachetechete chotero, ndiye kuti zamuyendera.

Choncho Neculai anakoka chingwe kuzungulira nyumba yonse, cha m'chifuwa mwa munthu. Anatapa matope kumtsinje, napaka ndi burashi ya laimu, namata timaudzu ndi tizinyalala m'mphepete monga amachitira madzi enieni. Masiku atatu anakhala akukhuthulira zidebe pakhoma, mkati ndi kunja, kuti linyowe bwino. Mkazi wake Safta anatembenuza chithunzi cha Nikola woyera kuti chiyang'ane kukhoma.

“Mukafera kundende inu, ukalamba wonsewu,” anatero Safta. “Ine sindidzakubweretserani ngakhale anyezi.”

“Tangokhala chete iwe. Ukamadzaotha moto m'chisanu cha Januwale udzandithokoza.”

Tsopano tsiku loyeza linali litafika, ndipo mantha anamugwira Neculai zenizeni. Mudzi wonse unkanunkha zowola. Kumunsi chithirakitala chinkabangula kuyambira m'mawa, ndipo Neculai ankati chikukankha matope a mumsewu.

“Madzi anakhala masiku angati?” anafunsa Mayi Ursachi.

“Anayi, mayi.”

“Makoma onsewa ndi a zidina?”

“Zidina zenizeni! Simenti mulibe ngakhale ya pasupuni.” Apa pokha Neculai anayankha modzitama.

Mayiwo analowa m'nyumba. Anakankha kabati n'kusuzumira kuseri, koma Neculai anali atapakako. Anagwada n'kuyang'ana kuseri kwa chitseko, nakonso kunali mzere. Kenaka maso awo anagwera pa chithunzi chija.

“Nanga woyerayu walakwanji?”

“Watopa n'kuona zinthu,” anayankha Safta, maso ali pansi.

Neculai anatsokomola, nathamangira botolo la kachasu wa zipatso za maplamu. Mayiwo anakana ndi dzanja. Anatsamiza chala chachikulu pakhoma n'kudinikiza, chalacho n'kulowa ngati mu mtanda wa buledi. Anachiyang'ana, nayang'ana kudenga, nabwerera chammbuyo pang'ono kufupi ndi khomo.

“Anzanu onse a pachitunda pano madzi analekeza m'mawondo, bambo.”

M'maganizo Neculai anaona kale apolisi pageti, dzina lake likutchulidwa kutchalitchi, Toader akuseka kutauni.

“Pano pamazungulira madzi, mayi,” anatero. “Kuyambira kale. Bambo anga ankanena.”

Mayiwo anamuyang'anitsitsa. Kumunsi kunamveka chiphokoso cha chinthu chikugwa, agalu n'kuyamba kuuwa onse pamodzi. Ndiyeno mayiwo anatambasula tepi kuchokera pansi mpaka pa mzere, nalemba m'buku: mita imodzi ndi masentimita makumi awiri.

“Mukudziwa kuti wonama papepalali amakayankha kukhoti?”

“Ndikudziwa, mayi.”

“Ndipo mukasayina sizisinthidwanso.”

Neculai anasayina msangamsanga, kuopa kuti angasinthe maganizo. Mayiwo anatuluka, natsegula kachitini kaja, najambula mtanda wofiira pachitseko. Penti inayenderera pang'ono kutsikira pansi.

“Gulu loyamba,” anatero.

Mtima wa Neculai unakhala m'malo. Anatsinzinira Safta diso limodzi, m'mutu akumanga kale ng'anjo yatsopano ndi kuyala matabwa pansi. Zikomo anamunena katatu, nagwira dzanja la mayiwo ndi manja awiri. Koma iwo sanamwetulire.

“Pepani kwambiri, bambo,” anatero chapansipansi. “Zidina zikamira kupitirira mita sizikonzekanso, zingakugwereni muli momwemo. Tulutsani katundu lero. Thirakitala ija ikamaliza kugwetsa nyumba ya a Toader, ikubwera kuno.”