Chitsulo chimene Kenan anawotcha

Panali munthu wina pa Karonga boma, dzina lake Kenan, fundi, kapena kuti mmisiri wosema zitsulo pa makina. Ntchitoyi anaiphunzira ku mgodi wa Kayelekera, ndipo atachoka kumeneko anatsegula kashedi kake kuseri kwa msika. Luso anali nalo, pamenepo tisamunamizire. Vuto lake linali limodzi: pakamwa pake sipankatuluka mawu akuti "izi zandikanika."

Tsiku lina kunabwera Ipyana, dalaivala wa kalole konyamula mpunga ndi anthu njira ya ku Kaporo. Anabweretsa chitsulo chimene tayala lakutsogolo limazungulirapo, mazinga ake atadyeka moti nati sinkagwiranso. Mwini galimoto anali atamuuza kuti ikagonanso osayenda, makiyi apatsa wina.

Kenan anachimanga pa makina. Chitsulo cha mtundu umenewu amachilimbitsa dala kufakitale, ndipo chimafuna kampeni kapadera kamene iye analibe, koyitanitsa ku Mzuzu. Anayesa timipeni take ta masiku onse. Koyamba kanalira, kanafuka utsi, n'kubuntha. Kachiwiri chimodzimodzi. Chitsulo chili phee, ngati sanachikhudze n'komwe.

Apa ndi pamene anayatsa moto wa gasi. Ambokile, wowotcherera zitsulo wa shedi yoyandikana, ataona anamuletsa. Anati chitsulo cha tayala ukachifiiritsa chimafewadi, chimasemeka ngati chinangwa, koma mphamvu yake imapita osabwerera. Kuli bwino auze mwini wake adikire, kapena agule china. Kenan anayankha kuti aliyense aziona za m'shedi mwake. Anachiwotcha mpaka psuu, chitazizira n'kusema mazinga okongola, kenaka n'kupala ndi sandipepa kuti kuda kwa moto kusaoneke.

Ipyana atabwera anayesa nati, inalowa bwinobwino.

"Ndaga, fundi," anathokoza. "Mwandipulumutsira ntchito."

Kenan anamwetulira, za moto osatchula.

Sipanapite nthawi. Galimoto ikuchokera ku Kaporo, matumba a mpunga ali tho, amayi a geni atakhala pamwamba, chitsulo chija chinathyoka, tayala n'kumayenda lokha. Galimoto inagubuduzika. Mayi wina dzina lake Tusekile anafera pomwepo, kusiya mwana wa pabere. Ipyana anatuluka wamoyo, koma mwendo anakaudula kuchipatala.

Mwini galimoto anatola chitsulo chothyokacho n'kupita nacho kwa Kenan, amuuze chimene chinachitika poti iye ndiye amadziwa zitsulo. Kenan atachitembenuza anaona kuti chathyokera ndendende pamene anawotcha paja. Koma anatsokomola n'kunena kuti zimenezi zimachitika katundu akachuluka, dalaivala n'kumathamanganso.

Mawu a fundi sachedwa kuyenda. Anafika kwa abale a malemu, kutchalitchi, pa siteji, ndipo Ipyana anasanduka dalaivala amene anapha mayi woyamwitsa. Ambokile anauza Kenan kuti akanene zoona zinthu zisanafike patali, koma Kenan anamufunsa ngati ali ndi umboni. Ambokile anangosiya kumupatsa moni, ndipo posakhalitsa anasamukira ku Songwe.

Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti Ipyana mwini wake anakhulupirira. Tsiku la ngozilo anali atapakiradi kwambiri, ndipo ankafulumiradi. Anasiya kupita kutchalitchi. Akaona mwana wa Tusekile ali kumsana kwa azakhali ake, ankabisa nkhope. Munthu amene kale anali wanthabwala anangokhala wa kuseri kwa nyumba, akuwonda.

Kenan naye mtendere unamuthawa. Pofuna kupepukidwa anapangira Ipyana njinga yopalasa ndi manja, yaulere, ya chitsulo chabwino kwambiri chimene anali nacho. Abusa anamutchula pa guwa ngati chitsanzo cha chikondi, mpingo wonse kuwomba m'manja. Iye ali chiweramire, chifukwa kuyamika kulikonse kunkamuwawa ngati tsabola pa bala.

Zaka zinapita, mwana wa Tusekile mpaka kuyamba sukulu. Kenan zitamukwana anakwera basi kupita kwa Ipyana. Anamupeza kuseri kwa nyumba, ndipo anafotokoza zonse: timipeni tobuntha, moto, sandipepa, ndi bodza limene anauza mwini galimoto. Anati mlandu wa Tusekile ndi wake, ndipo mwendo uja anadula ndi iye.

Ipyana anamvetsera mpaka pamapeto. Kenaka anamugwira dzanja.

"A Kenan, njinga munandipangira, lero mukufunanso kundinyamulira mlandu? Yayi, dada. Chiwongolero chinali m'manja mwanga. Munanena nokha nthawi ija, ndipo inu ndimakudziwani, simunama."

Kenan analumbira, analira, anatchula Ambokile kuti ndiye mboni. Ipyana ankangopukusa mutu, akuthokoza Mulungu pomupatsa bwenzi lotere. Chitsulo chothyoka chija chinali chitapita kalekale ndi ogula zitsulo zakutha, panalibenso choonetsa.

Potsanzikana, Ipyana anaitana mkazi wake kuti mlendo asapite chimanjamanja. Mayiyo anatuluka ndi kathumba ka mpunga, nagwada. Kenan analandira ndi manja awiri.

Phunziro: Ntchito ikakukanika, nena kuti yakukanika, chifukwa chinyengo chimene wabisa m'chitsulo chimakaonekera pa msewu, pa anthu osalakwa. Ndipo ukalakwa ulula msanga, pakuti choona chikachedwa chimapeza bodza litamera mizu, osakhalanso wochikhulupirira. Tumizani nkhaniyi kwa amisiri, amakaniko ndi madalaivala onse amene mumawadziwa, mwina pali wina amene wayatsa kale gasi.