Lamba Amawongola Munthu

"Mayi, makina okoka msanawa sakuwathandiza amuna anu. Tisiye," anatero dokotala wachitsikana, akufuna kumasula lamba wa makinawo m'chiuno mwa wodwalayo.

Mayiyo anayang'ana mwamuna wake ali chagada, thukuta lili kamukamu.

"Ayi adokotala, kunyumba akugona ngati khanda," ananama. Kenako anawerama. "Kapena zikukupwetekani, bambo? Nenani, mtsikanayu amve."

"Ine? Mwamuna salira!" anatero bamboyo, mano atalumana.

Mayiyo ankadziwa kuti ayankha choncho.

"Mwamvatu, adokotala. Onjezani mphamvu."

Makina atayamba kukoka, mayiyo anamusisita pamphumi ndi chala chake chopindika, chimene bamboyo anachithyola kale pomumenya ndi chitsulo cha lamba wake.

"Pirirani," ananong'ona. "Paja mumati lamba amawongola munthu."